Chaka chimene tinkaopa lumo

Mutu unayamba kundiyabwa mwana wanga asanayambe kukwawa. Poyamba ndinkati n'thukuta chabe, poti ku Mangochi dzuwa la Okutobala limanyowetsa msana ngakhale wa munthu wokhala pamthunzi. Kenaka ndinayamba kuona tinthu toyera ngati gaga tikugwera pamakina otayipira, ku ofesi ya paboma kumene ndinkagwira ntchito. Ndikangokanda pang'ono kuseri kwa khutu, pepala la kaboni linkachita mawangamawanga, ine n'kumauzira msangamsanga abwana asanalowe. Inali mfundu, koma osati ija munthu amangoikutumula ndi chipeso n'kuiwala. Yanga inkakakamira pakhungu ngati mamba a nsomba youma, ndipo ndikaitokosa pansi pake pankatsala pofiira, ponyowa.

Pondiwawa kwambiri panali poyamwitsa. Ndikaweramira mwana, tinthu tija tinkamugwera pamphumi, nthawi zina m'zikope, iye n'kumangophethira akuyamwa. Ndinkamupukuta ndi nsonga ya chitenje mpaka kumuliza. Ndine munthu wamantha chibadwire. Mwana akatsokomola kamodzi ndinkamuika khutu pachifuwa, akagona nthawi yaitali ndinkamudzutsa kuti ndione ngati akupuma. Ndiye taganizani munthu wotere akuona zonyansa za m'mutu mwake zikugwera pankhope ya khanda lake loyamba.

Bambo a mwanayo kunalibe. Ankagwira ntchito yoperekera zakudya pahotela ina ku Makokola, ndipo kunyumba ankabwera akapatsidwa tsiku lopuma. Anabadwira tsidya la malire, kufupi ndi Mandimba, koma anakulira kuno kwa amalume awo, kumene anaphunzira sukulu. Nkhondo ya ku Mozambiki itakula, amayi awo anaoloka wapansi pamodzi ndi anthu ena othawa, n'kufika pakhomo pathu ndi kamtolo kamodzi ndi mapazi otupa. Mwana wawo wamkazi, mlongo wa amuna anga, anasiyana naye m'tchire pothawa. Apongozi anga sankadya bwino pomuganizira. Choncho nyengo ya mwera, ine ndili ndi khanda m'manja, amuna anga anapempha tchuthi, anakwera lole ya ku Namwera, n'kunena kuti akukangofunsafunsa kumalire, abwerako mwezi usanathe. Munthu wina anawaona ku Chiponde akugula mchere ndi sopo. Kuchokera pamenepo palibe anawaonanso.

Tinatsala atatu m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri: ine, apongozi, ndi mwana. Patapita miyezi, mnzawo wa kuhotela anabwera ndi chikwama cha amuna anga, muli malaya oyera a kuntchito ndi nsapato zakuda. Anati malo awo apatsidwa munthu wina. Apongozi analandira chikwamacho ndi manja awiri, anathokoza, ndipo mlendo atachoka anatulutsa nsapatozo n'kuzipukuta, n'kuziika pafupi ndi chitseko, pamene mwini wake ankazivulira.

M'nyumba yoyandikana nafe munkakhala mayi wina wachisilamu, wogulitsa usipa pamsika, wapakamwa posatopa. Ankanditchula Madamu a Taipi. Iyeyo ndiye anayamba kundipatsa mankhwala.

"Madamu a Taipi, mutuwo mwauyesa munda? Chiyambire m'mawa muli pakupalira, mukolola liti? Tengani mandimu awa, mufinyiremo musanasambe."

Ndinafinyiramo. Misozi inatuluka yokha, ndinachita kugwira mtengo wa bafa kuti ndisagwe. Kuyabwa kunaleka madzulo amenewo okha, m'mawa kunabwerera ndi anzake.

Apongozi ataona makoko a mandimu aja anapukusa mutu. Chichewa chawo chinali chosakanikira ndi Chiyao, ndipo ankalankhula pang'ono.

"Amake mwana, mutu wa mkazi woyamwitsa sufuna zaukali. Loweruka mudzandipatse ine."

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndinkakhala pamphasa pansi pa mtengo wa nimu umene unali pabwalo, pakati pa maondo awo. Ankayamba ndi masamba a chewe otola cha kumtsinje, n'kuwatikita m'madzi mpaka aterere ngati therere. Ankanditsuka nawo, kenaka n'kutsukuluza ndi madzi owiritsira masamba a nimu, owawa moti dontho likalowa m'kamwa malovu ankawawa mpaka madzulo. Tsitsi likauma ankaligawa mizeremizere ndi kamtengo kosongola, n'kumapaka mafuta a nsatsi ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, mzere ndi mzere. Mafutawo ankayenga okha: kukazinga nsatsi, kusinja, kuwiritsa, n'kumatapa oyandama pamwamba ndi supuni. Nsatsi zikasowa ankapita kwa anzawo othawa nkhondo kukapempha pang'ono mafuta ophikira a m'zitini aja ankalandira.

Apa m'pamene ankalankhula za mwana wawo wamwamuna. Sankamukamba ngati wosowa, koma ngati munthu amene wachedwa panjira.

"Ameneyu ali mwana sankafuna kusamba m'mutu. Ndinkachita kumupana ndi miyendo chonchi. Akabwera adzapeza mwachira. Iye sakonda mkazi wokandakanda pamaso pa alendo."

"Adzapeza ndachira, amayi."

"Njira za uko ndi zoipa masiku ano. Munthu amabisala kaye, osathamangira."

Ndinkatseka maso n'kumamvera chala chawo. Mutu unkakhala phee mpaka chapakati pa sabata, kenaka n'kuyambiranso.

Mvula yoyamba itagwa, pokandakanda paja panayamba zilonda. Duku linkamatirira, polivula ndinkachita kulinyowetsa kaye. Loweruka lina tili pansi pa nimu, mayi wa usipa uja anabwera kudzabwereka sefa. Anaima kumbuyo kwa apongozi n'kusuzumira m'mutu mwanga.

"Anganga, tsitsili likungokudyerani mafuta. Mankhwala sakufika pansi. Ingomumetani mpala, mphepo ipitepo, muona zitha izi."

Chala cha apongozi chinaima pamutu panga.

"Ngwamba," anakana m'chinenero chawo. Kenaka anafunsa: "Wafa ndani?"

"Ine sindinanene kuti wafa munthu, anganga. Ndikunena za mutu."

"Mkazi wapabanja amete mpala, mwamuna wake ali paulendo. Anthu pamsewu adzati chiyani? Lumo silikhudza mutu uwu mwana wanga ali moyo."

Mayi uja, amene mawu sankamuthera, anatola sefa n'kuigwira ngati yolemera.

"Pepani anganga. Pakamwa panga mukupadziwa, pamathamanga pokha."

Ine ndinali ndi setifiketi ya kukoleji, yopachika pakhoma m'felemu. Ndinkadziwa kuti moyo wa munthu sukhala m'tsitsi la mkazi wake. Koma kwathu, ngati kwawo kwa apongozi, achibale amameta maliro akachitika, ndipo ineyo ndikaona mayi wometa mpala pamsika, mumtima ndinkati wafedwa. Apongozi atakana lumo mtima wanga unatsika, ngati andiuza kuti amuna anga aoneka. Komanso ndinene zinazi: masana ku ofesi, duku litanyowa thukuta, mutu ukuchita ngati mwalowa linthumbu, ndinkalilakalaka lumolo monga waludzu amalakalakira madzi. Ndikazindikira chimene ndikulakalaka ndinkadzidzimuka, ngati ndawafunira amuna anga imfa. Ndinkapita kuchimbudzi kukalira, n'kubwerera kudzatayipa za ena.

Kuchokera tsiku limenelo mankhwala a apongozi anasintha. Zofatsa zija anazisiya, ngati munthu amene wauzidwa kuti nthawi yamuthera. Kunabwera phulusa la zitsononkho losakaniza ndi mchere. Kunabwera madzi onyikamo fodya, amene anandichititsa chizungulire. Kunabwera palafini wothira m'mafuta. Munthu aliyense wochokera kumalire ankamufunsa zinthu ziwiri: ngati anaonako mwana wawo, ndiponso ngati akudziwa mankhwala a mutu woyabwa. Funso loyambalo linalibe woyankha. Lachiwirilo aliyense anali nalo yankho.

Tsiku lina anabwera ndi kabotolo ka mafuta a mabuleki. Anapatsidwa ndi dalaivala wa malole a ku Namwera, amene anati zipere zake zinathera pomwepo. Ndinanunkhiza.

"Amayi, awa ndi a galimoto."

"Iye uja si galimoto, koma anachira. Khalani pansi."

Ndinakhala. Ndikanatha kukana, sanandigwire ndi mphamvu. Koma kukana kabotolo kaja kunali kunena kuti kwatsala lumo basi, ndipo mawu amenewo sindikanawatulutsa. Atangopaka, mutu unayaka moto. Ndinaluma chitenje kuti mwana asandimve. Madzulo ake mwanayo anakana bere chifukwa cha fungo. Ndikamuyandikiza ankatembenuza nkhope, n'kumandikankha ndi timanja. Apongozi anamumwetsa phala lamadzimadzi m'nyumba, ine nditakhala panja mabere atauma gwa, ndikumva mwana wanga akutonthola m'manja mwa wina.

Sipanapite nthawi yaitali. Ndikumusambitsa m'beseni ndinaona pamwamba pa khutu lake kadera kozungulira, kukula kwake ngati chivindikiro cha botolo, tsitsi litathothoka, khungu likufunduka. Ndikuyang'ana choncho anakweza kadzanja n'kukanda, momwe ndinkakandira ine. Sindinauze apongozi. M'mawa ndinatumiza mawu ku ofesi kuti sindibwera, ndinabereka mwana n'kupita kuchipatala.

Anthu anali ambiri, ambiri a iwo othawa nkhondo, amayi ndi ana atakhala pansi m'mbali mwa khoma. Dzuwa linali litakwera pamene ndinalowa. Namwino anali mayi wachikulire, wooneka wotopa. Anayang'ana mutu wa mwana, kenaka anayang'ana duku langa.

"Pakhomo alipo wina wa zotere?"

Ndinagwira duku langa.

"Vulani dukulo, mayi."

Ndinavula. Anaweramira, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono.

"Mwakhala mukupakamo chiyani?"

Ndinatchula zonse, kuyambira mandimu mpaka mabuleki. Sanaseke, sanakalipenso.

"Mabulekiwo ndiye ndatopa nawo kuwamva. Tamverani. Mukamete nonse awiri, mpala. Mankhwala ndikupatsaniwa ndi a pakhungu, si a tsitsi. Duku ayi mpaka zilonda ziume. Zipeso, mapilo, mbereko, zonse m'madzi owira. Inuyo mukapanda kumeta, mwanayu ife tizichiza, inu muzimupatsiranso."

"Bambo ake anachokapo," ndinatero, ngati limenelo ndi yankho. "Anapita tsidya. Sanabwere."

Ndikhulupirira anamvetsa, pakuti ntchito yake ankagwirira pakati pa anthu omwewa.

"Mayi, ine ndakuuzani za mwana amene ali pamiyendo panuyo. Za enawo sindingadziwe."

Pobwerera ndinayenda pang'onopang'ono, ndikukonza mawu n'kumawataya. Ndinapeza apongozi akusankha mpunga m'lichero. Ndinagwada pafupi nawo. Za lumo sindinayambe nazo. Ndinangomasula mwana n'kumutembenuza kuti aone pamwamba pa khutu paja. Anaika lichero pansi. Anayendetsa chala m'mphepete mwa kaderako, mwana n'kumawasekerera. Pamenepo ndinanena zonse zimene namwino ananena, osasiyako ngakhale chimodzi.

Apongozi anatenga mwanayo n'kumubereka okha, ndipo tsiku lonselo ankandipatsa pofuna kuyamwa pokha.

M'mawa mwake anapita kuokala n'kubwerako ndi lezala.

"Tiyeni kuseri."

Kuseri kwa nyumba, pafupi ndi bafa la udzu, anayamba ndi mwana. Ine ndinamugwira mutu, iye akulira ngati tikumupha. Atatha anandiuza kuti ndikhale pamwala wochapira. Anadula tsitsi ndi sizasi, zidutswa n'kumagwera pamapewa panga, zolemera ndi mafuta a miyezi yonse ija. Kenaka anapaka thovu la sopo.

"Uku ndi kumeta kwa mankhwala, amake mwana. Mwamva? Kwa mankhwala."

"Ndamva, amayi."

Anayamba kundimeta. Ankazungulira zilonda mosamala, akupukutira lezala pachitenje chawo. Atafika pakati pamutu anabwerezanso mawu aja, chapansipansi, koma apa sankauzanso ine.

Kamphepo ka kumtsinje katandikhudza pakhungu ndinamva kukoma kumene ndinali nditakuiwala. Ndinachita nako manyazi kukomako, koma ndinakumva ndithu, mpaka m'mano.

Tsitsi analisesa n'kukaliponya m'chimbudzi. Anatipaka tonse awiri mankhwala a kuchipatala, n'kuteleka madzi owiritsira mbereko ndi nsalu za mapilo. M'nyumba ya malata simunkakhalika masana, choncho ndinakhala pakhonde, mutu uli pamtunda monga ananenera namwino. Ndinkaganiza kuti ndikhala pakhomo masiku angapo osaonekera, zilonda zikauma ndidzavala duku n'kubwerera kuntchito, ndipo palibe adzadziwe.

Chamasana mayi wa usipa anabwera kuchokera kumsika, dengu lili pamutu. Analowa pampanda akuyamba kale nthabwala.

"Madamu a Taipi lero ajomba, makalata a boma atayipa nd..."

Sanamalize. Anatula dengu pang'onopang'ono. Anayang'ana ine, anayang'ana mwana, anayang'ana apongozi amene ankayanika nsalu pachingwe. Anagwira pakamwa. Iyeyu ndi amene anawamva akulumbira kuti lumo silikhudza mutu wanga mwana wawo ali moyo, ndiye kwa iye mutu wangawo unali uthenga wochokera kumalire. Analowa m'nyumba mwake, anatuluka atafunda mpango wina, n'kulunjika kumsewu. Ndinamuitana, koma mawu anga anatuluka ang'ono, ndipo kumuthamangira mumsewu ndi mutu wotere sindikanatha.

"Amayi, akukauza anthu."

"Ndamuona."

"Ndiye titani?"

Anapitiriza kuyanika. Anafinya mbereko, anaikutumula, anaiyala bwinobwino pachingwe.

Anthu anayamba kufika mmodzimmodzi. Wina anasenza nkhuni, wina ufa m'mbale yovindikira ndi inzake. Anabwera amayi a kumzikiti, anabwera a kutchalitchi kwathu, anabweranso amayi othawa nkhondo amene ankapatsa apongozi mafuta aja. Sanalowe. Anaima pampanda mitu ili pansi, akudikira kuti eni nyumba ayambe.

Ndinaimirira. Mawu ndinali nawo okonzeka: n'chipere chabe, namwino ndiye watilamula, palibe uthenga uliwonse wabwera, pepani mwavutika. Zonsezo zinali zoona. Ndisanatsike pakhonde apongozi anandigwira chitenje.

"Khalani pansi, mwanangu."

Anali asananditchulepo choncho.

"Amayi, anthuwa akuyesa kuti..."

"Ndikudziwa chimene akuyesa. Ine ndatopa. Inunso mwatopa. Asiyeni alowe."

Apongozi analowa m'nyumba n'kutulutsa mphasa zonse, ngakhale imene ankagonapo, n'kuziyala pabwalo. Anakhala pansi, anatambasula miyendo, anavula duku lawo. Imvi zawo ndinali ndisanazionepo pagulu. Anaitana mayi wina wakwawo, namuuza m'Chiyao kuti akatenge lezala kuseri adzawamete nawonso. Kenaka anatchula dzina la mwana wawo wamwamuna, mokweza, ngati akumuitana kumunda. Anatchulanso la wamkazi uja. Amayi a pampanda analowa, ndipo kulira kunayamba.

Amuna anga sanabwere, ngakhale pamene nkhondo inatha anthu n'kumakwera malole kubwerera kwawo. Maliro awo anali amenewo, opanda mtembo, opanda munthu wonena kuti ndinaona. Ine tsiku limenelo kulira kunachedwa kundibwera. Ndinakhala pakati pa amayi aja, wina atandigwira phewa, mwana akuyamwa, ine ndikumuingitsira ntchentche pamutu.